Alubamu ya Banja

Mlandu wake ndi uwu, ndipo sindizungulira: mayi wamasiye anadulidwa pa zithunzi za mwamuna wake ndi sizasi, monga mmene munthu amadulira powola pa chipatso kuti adye pabwino. Wodulayo ndi mlamu wake, mng'ono wa malemu, uja anthu amamutchula kuti Mabatani chifukwa chinthu chokhala ndi batani sachidutsa osachidina. Sanali yekha. Mlongo wake, Anesi, ndiye ankaloza ndi chala podutsa sizasi, ndipo mayi wawo anaimva ikulira koma anangokhala duu. Ndawatchula onse atatu kuti wina asadzanamizire makina.

"Alamu, ndadzatenga chitini changa."

Ananena zimenezi ndi mayi wamasiyeyo. Anthu amangowaitana kuti Atelala poti amasoka zovala pakhonde pa nyumba yawo. Anaima pakhomo la pabalaza pa Mabatani, tepi yoyezera ikadali m'khosi, ulusi utakakamira pa siketi yawo yakuda.

"Lowani kaye, alamu," anatero Mabatani. "Mwafika ngati apolisi bwanji?"

"Apolisi amafika kwa wakuba. Inu mwaba?"

"Pakamwa panupa. Achimwene ankapirira."

"Ankapirira, ndipo anafa osadandaula. Chitini."

Mabatani sanacheuke. Anali atawerama pa tebulo lodyera, limene tsopano analisandutsa ofesi. Panali laputopu yakale yosayaka popanda chingwe, ndi makina aja anagula motchipa kwa munthu wina amene ankatseka shopu: kabokosi kaphwatalala kotuwa, chivundikiro pamwamba, galasi m'kati. Ukagoneka pepala chafufumimba pagalasipo n'kuvundikira, kamzere kowala kamakwawa pansi pake kakubuula, kenako pepala lija limaonekera pa laputopu. Chivundikirocho chinali chothyoka kumbuyo, ndiye ankachipsinja ndi simbi yositira ya mkazi wake. Pambali panali mulu wa masatifiketi a sukulu a ana ake, makadi a kuchipatala ndi mapepala a puloti. Aliyense wa m'nyumbamo anali atalowa kale m'makinamo, kungotsala mphaka.

Pakona, pa mpando wa khushoni, panakhala apongozi, mayi a malemu, miyendo yotupa ataisanjika pa kampando.

"Wabwera ndani? Ndi telala uja?"

"Ndine, amayi. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera ndi phokoso. Akuti mwana wangayu wagula mtsikana."

"Sikana, amayi," anatero Mabatani. "Sikana. Si mtsikana."

"Kaya. Tsiku lonse uli naye pomwepo ukumusisita, iye akubuula, mkazi wako akungoyang'ana."

Atelala anafuna kuseka, koma maso awo ankasakasaka chitini ndipo sanachione. Chinali chitini cha mabisiketi, ndipo munali zithunzi zonse zimene anajambulitsa ndi mwamuna wawo kuyambira pa utsikana mpaka imvi. Sizinali zambiri. Malemu anali dalaivala wa lole, munthu wa pamsewu, ndipo kamera ankaiopa ngati jakisoni. Sankalola kujambulidwa pokhapokha mkazi wake amukoke n'kumugwira. N'chifukwa chake panalibe chithunzi ngakhale chimodzi chimene anali yekha. Maliro atatha, Mabatani anabwera mwaulemu n'kunena kuti akupanga alubamu ya banja. Atelala atamva mawu oti banja, mtima unakhala m'malo. Banja limene iwo ankalidziwa linali limodzi: iwo ndi mwamuna wawo. Anapukuta chithunzi chilichonse ndi kansalu kofewa, napereka chitini chonse, osasiyako ngakhale chimodzi.

"Munati mubweza msanga," anatero Atelala. "Mwezi watha, wina walowa."

"Ntchito iyi si yosoka zigamba, alamu. Galasi limafunika kuyera mbee. Kafumbi kamodzi kokha kamatuluka ngati ntchentche pamphuno pa munthu. Ndiye magetsi akathima, timayambiranso."

"Ndionetseni zimene mwakopa kale. Munati ndi ya banja. Banja langa lomwe ndisalione?"

"Ee, ndi ya banja," anatero Mabatani akuyang'ana simbi. "Koma chinthu chisanathe sachionetsa. Mwana saoneredwa m'mimba."

Mawu amenewo anagwa ngati mbale pa simenti. Atelala analibe mwana, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa. Apongozi anatsokomola. Kamzere kowala kanafika kumapeto n'kubwerera.

"Sindimatanthauza choncho," anatero Mabatani.

"Lilime lilibe fupa, koma limadziwa komwe likupita."

"Pepani. Komanso pomwe mwabwerapa, tandibwerekani sizasi yanu ija yaikulu. Ya kuno ikumatafuna."

"Sizasi ya nsalu sadulira pepala. Imafa mano."

"N'kungosadza m'mphepete mwa masamba a alubamu. Ndi za achimwene zomwezi. Mukufuna zioneke ngati zolumidwa ndi makoswe?"

Sizasi imeneyo Atelala sankaibwereketsa ngakhale kwa mbale wawo. Koma anaganiza za mwamuna wawo, amene ankadana ndi ntchito yosalongosoka, amene ankatsuka lole ya abwana ngati yake. Madzulo a tsiku lomwelo anaikulunga m'nsalu n'kukaipereka ndi manja awiri.

Patapita masiku, Anesi anabwera pakhonde ndi yunifolomu yawo yoyera kuti aikulitse m'chiuno. Anesi ndi wamkulu pa onse a m'mimba imodzi ndi malemu, amagwira ntchito ku chipatala, ndipo amayankhula ndi munthu aliyense ngati wachedwa kubwera ku sikelo.

"Yachepa yokha pochapa," anatero Anesi.

"Nsalu zimatero," anayankha Atelala, akuwazunguliza tepi. "Zimachepa pamimba pokha."

Foni ya Anesi inalira. Anaitulutsa, anamwetulira, kenako misozi inalengeza.

"Mlongo wanga, Ambuye. Taonani mmene watulukira. Mabatani watumiza pa gulu la banja."

"Gulu liti?"

"La pafoni. La ife."

Atelala anasuzumira. Analidi mwamuna wawo, atavala shati ya mizere ya buluu imene anamusokera okha, kolala yake yolimba ngati katoni. Analikumbukira tsikulo: anali pa depoti, lole itangotsukidwa, iye akukana kujambulidwa, iwo atamukolowekera dzanja m'khosi kuti asathawe. Koma pafonipo munthuyo anali yekha. Phewa lake lakumanzere linathera m'malere, lowongoka ngati ladulidwa ndi rula. Pakhosi pake panatsala tinsonga ta zala titatu.

"Ine ndili kuti?"

"Inu muli pano mukundiyeza."

"Pa chithunzipa, alamu. Zala izi ndi zanga. Mwini wake ali kuti?"

Anesi anazimitsa foni. "Makina amenewa amadula okha. Amatenga pakati, m'mbali amasiya."

"Ndiye zithunzi zonse ine ndinali m'mbali?"

"Musakokere nkhani kutali. Amayi akalamba, maso akutha. Akufuna kuona nkhope ya mwana wawo, yaikulu, popanda zosokoneza."

"Ine ndine zosokoneza."

"Sindinatero. Koma mumve, alamu, poti ndinu wamkulu. Chibale ndi fupa, sichiwola. Ukwati ndi mnofu. Alubamu imeneyi idzatsalira adzukulu. Mwana akadzafunsa kuti uyu ndani, timati ndi atate a uje, ndi amayi a uje. Nanga inu tidzati ndinu amayi a ndani?"

Atelala anachotsa mapini pakamwa limodzilimodzi, kuopa kuwameza.

"Mudzati ndi amene ankamubereka kumsana kupita naye kuchimbudzi miyendo itafa. Mafupa inu muli ku ntchito."

"Tinkabwera."

"Munkabwera Lamlungu, ndi malalanje."

"Mkwiyo sumanga mudzi, alamu. Pepala lanu palibe walikhudza, lili bwinobwino m'chitini. Zimenezi ndi za m'kompyuta chabe. Yunifolomuyi ndiifuna Lachisanu."

Atelala anakhulupirira. Anadziuza kuti za m'kompyuta ndi mphepo, azidula mmene angafunire, bola pepala. Pepala ndi limene mwamuna wawo analigwira ndi manja a girisi n'kusiyapo chidindo cha chala pakona. Yunifolomu anaisoka, ndipo anaisoka bwino, chifukwa singano ilibe mlandu.

Sabata yotsatira, m'mawa akusesa pakhonde, anaona mkazi wa Mabatani akubwera chozemba, atadzera kuseri kwa nyumba. Ndi mayi wofatsa, wa ana anayi, wosayankha apongozi. Anatulutsa sizasi yokulunga m'nsalu, kenako kajumbo ka shuga komanga pakamwa.

"Achemwali, musanene kuti ndine."

"N'chiyani?"

"Amuna anga anandiuza kuti ndikatenthe pamodzi ndi zinyalala. Ndinafika nazo pa dzala, machesi ali m'manja. Nditasuzumira ndinaona maso anu akundiyang'ana. Ndinalephera."

Atelala anamasula kajumboko n'kukhuthulira pa tebulo la makina osokera. Zinagwa ngati masamba ouma. Zinali zidutswa zazitali zopyapyala, ndipo pa chidutswa chilichonse panali iwo. Apa ali mtsikana, mu diresi ya ukwati imene anasoka okha, m'chiuno muli zala za mwamuna zopanda mkono. Apa ali pa depoti, dzanja litakwera m'mwamba kukakumbatira mphepo. Apa ali pa benchi ya kuchipatala atanyamula fulasiki, pambali pali bondo la munthu lofunda bulangete. Zidutswa zingapo zinali zotafunidwa m'mphepete, china mpaka khutu kuchoka. Zimenezo zinali za sizasi yobuntha ija. Zina zonse zinali zodulidwa bwino, mzere umodzi wosalala, wosabwereza. Mdulidwe umenewo Atelala ankaudziwa ngati mawu a mwamuna wawo.

Anakhala pansi pa simenti, osati pa mpando.

"Bwanji sanadulire m'kompyutamo?"

"Sadziwa, achemwali. Anayesa tsiku lonse, mpaka anatukwana. Akadina apa chithunzi chikutembenuka, akadina apo chikusowa. Kufunsa ana akuchita manyazi. Ndiye Anesi anati, nanga sizasi inapangidwira chiyani? Poti zikalowa m'makina, pepala lilibenso ntchito."

"Anayamba wakopa chathunthu asanadule?"

Mkazi wa Mabatani anayang'ana pansi.

"Ndakufunsa, mnzanga."

"Ankadula kaye, kenako n'kuika pagalasi."

Nkhuku inakwera pakhonde, inajompha ulusi, inatsika. Mkazi wa Mabatani anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Ine ndinadziona ndekha m'kajumbomo. Nanenso ndine wobwera. Lero akunditchula amayi a uje, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Pita, angakufunefune. Ine sindinakuone."

Tsiku limenelo makina osokera sanalire. Makasitomala awiri anabwerera pa geti. Atelala anayala zidutswazo mwa ndondomeko ya zaka, kenako anazisokonezanso. Anayesa sizasi pa kansalu: inali itafa mano, ikungopinda nsalu m'malo modula. Koma mumtima munali kachiyembekezo ka telala. Chodulidwa chimalumikizika, bola mbali zonse ziwiri zilipo.

Lamlungu masana anapita. Anawapeza onse pabalaza: apongozi pa mpando wawo, Anesi pa sofa atavula nsapato, Mabatani pa tebulo, mkazi wake akutola makapu a tiyi. Pakhoma pamwamba pa wailesi panali chithunzi chachikulu mu felemu yatsopano: malemu pa tsiku la ukwati wake, mu suti yobwereka, akumwetulira, alibe mkono umodzi. Alubamu inali pa miyendo ya apongozi.

Atelala sanaodire. Anafika pa tebulo n'kukhuthula kajumbo pamwamba pa sikana.

"Ndabwera ndi mtembo wanga. Munaiwala kuuika m'manda."

Mabatani anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo analowa kukhitchini ndi makapu.

"Ndazitola pa dzala," anatero Atelala. "Ndimakonda kuyendera achibale."

"Alamu, khalani pansi tikambirane ngati anthu," anatero Mabatani.

"Ngati anthu? Munthu amakwana m'kajumbo ka shuga? Munabwera kwanga mutapinda manja, munati alubamu ya banja. Mawu anu amenewo kapena si anu?"

"Ndi anga, ndipo sindinaname. Banja ndi ili." Anazunguliza dzanja kuloza amayi ake, mlongo wake ndi chithunzi cha pakhoma. "Inu munamva zanu, ine ndinanena zanga."

"Pamene achimwene anu ankati ndili pa banja, ankanena kuti akwatira inuyo?"

Anesi anaseka pamphuno. "Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Munkadziwa kuti kuno ndi kwa eni."

"Ine sindinadzere mpando wa eni. Alubamu yanuyo khalani nayo, muziigona nayo. Ndikufuna mbali zinazo. Ndikalumikiza ndekha."

Mabatani anakanda m'mutu. Anatenga alubamu pa miyendo ya amayi ake n'kuitsegula. Atelala anasuzumira. Mabatani sanangodula kamodzi. Pofuna kukongoletsa, anasadza chithunzi chilichonse kukhala chozungulira ngati dzira, mutu ndi chifuwa basi, n'kuchimata ndi guluu wa nsapato. Mikono, lole, benchi, chidindo cha girisi chija, zonse zinali zitapita. Tsamba lililonse linali ndi mitu ya mwamuna wawo itandandalikana, pansi pake atalemba mwaluso kuti Mwana Wathu.

"Zotsalira zake zili kuti?"

"Zing'onozing'onozo zinasesedwa kale," anatero Mabatani. "Zinali nyenyeswa chabe."

"Cha ukwati?"

"Chimenecho sindinachizungulize. Chili apa." Anatsegula tsamba lomaliza. Mawu ake anayamba kuthamanga, ngati munthu amene wapeza pothawira. "Ndipo musadandaule, alamu, makina awa ndi odabwitsa. Tiika mbali ziwirizi pagalasi, zituluka chimodzi. Simudzadziwa n'komwe."

Anachimatula ndi mpeni wa buledi, pepala la alubamu likutsalira kumbuyo kwake. Anapukuta galasi ndi malaya. Anagoneka mwamuna chafufumimba, anatenga chidutswa cha mkwatibwi n'kuchigoneka pambali pake. Koma pagalasi zinthu umaziika chozondoka, nkhope pansi, ndipo suona chimene ukulumikiza. Atatseka chivundikiro, kamphepo kake kanasuntha chidutswa chopepukacho. Kamzere kanakwawa kakubuula. Pa laputopu panatuluka mkwati woongoka, mkwatibwi atapendekeka ngati akugwa m'galimoto.

"Dikirani."

Anayambiranso. Ulendo uno mkwatibwi anatsika, mutu wake uli m'chiuno mwa mwamuna.

"Apo ndiye pamalo pake," ananong'ona Anesi.

Atelala sanacheuke. Anakankha dzanja la Mabatani, anayala okha zidutswazo m'mphepete mwa galasi monga amayalira nsalu, anazigwira ndi zala mpaka chivundikiro chinawapana, kenako anasolola pang'onopang'ono. Mabatani anaikapo simbi.

Chithunzi chinatuluka kuchokera pamwamba. Tsitsi, zipumi, maso. Mapewa anafanana bwinobwino. Koma pakati pawo panali msewu woyera, wotakata ngati chala, kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Mabatani anali atadula kawiri: koyamba kuchotsa mkazi, kachiwiri kuwongola m'mphepete mwa mwamuna. M'kamzere kotayikako ndi mmene munali manja awo awiri atagwirana, mphete ikuoneka.



"Kamzereko tikhoza kukapaka mtundu," anatero Mabatani motsitsa mawu.

"Mupaka manja?"

"Madzi akatayika saoleka," anatero Anesi. "Walakwitsa, wavomera. Mukufuna amupachike? Mukanakhala ndi mwana bwenzi mukuyang'ana nkhope ya mwanayo, osati kulirira mapepala."

Apa Atelala anatembenuka.

"Anesi, inu ndi amene munatiperekeza kwa dokotala chaka chija. Munali m'chipindamo. Nenani pamaso pa amayi anu zimene dokotala ananena."

Anesi anayamba kufunafuna nsapato ndi phazi. Dokotala ananena kuti vuto linali la mwamuna. Malemu analira pa benchi ya panja ngati mwana, ndipo Atelala anamulonjeza kuti mawu amenewo sadzatuluka pakamwa pawo. Anasenza dzina la chumba zaka zonsezo, pa chitsime, pa msika, pa maukwati a anthu, kuti mwamuna wawo aziyenda mutu uli m'mwamba. Anesi ankadziwa zonsezi pamene ankaloza podutsa sizasi.

"Za odwala sitiulula," anatero Anesi.

"Ananena chiyani dokotala?" anafunsa apongozi.

Mawu anafika pakhosi pa Atelala. Anali mawu ochepa, okwanira kugwetsa felemu ija pakhoma. Anayang'ana m'mwamba, anaona mwamuna wa mkono umodzi akumwetulira mwamanyazi, monga ankachitira akaopa kamera. Anawameza. Anawawa ngati singano.

"Ananena kuti tizipemphera, amayi."

"Ndiye simunapemphere mokwanira," anatero apongozi. Anadzikonza pa mpando. "Tamvera, iwe telala. Ine sindikudana nawe. Unamusamala, ndinaona. Koma ndinakupatsa mwana wamoyo, wandibwezera bokosi, popanda ngakhale kamdzukulu koti ndizinunkhiza pamutu. Unakhala naye zaka zonsezi wekha. Pa pepala pokha ndisakhale naye ndekha? Mlendo ndi mame. Dzuwa latuluka."

"Amayi, miyendo imeneyo amaithowa ndani madzulo alionse chaka chatha?"

"Ndiwe. Ndipo ndinathokoza."

Pulinta yosindikizira imene inali pansi pa tebulo inali italira kale. Mabatani anasolola pepala lofunda, inki isanaume, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Landirani, alamu. Mukaike mu felemu. Mtundu wake waposa choyamba chija."

Atelala anayang'ana anthu awiri olekanitsidwa ndi msewu woyera, aliyense akutambasula mkono wopanda dzanja. Sanalandire. Anachotsa simbi, anatsegula chivundikiro, anatola chidutswa chawo. Atatambasula dzanja kuti atole mbali ya mwamuna, apongozi, amene amati maso awo akutha, anakuwa kuchokera pakona.

"Ameneyo musiye. Ndinabala ndekha."

Mabatani anaika chikhatho chake pamwamba pa chithunzicho. Sanayang'ane mlamu wake kumaso, koma chikhatho sanachotse. Anesi anali atapeza nsapato zonse ziwiri ndipo anaima pakati pa tebulo ndi khomo. Kukhitchini madzi ankangotuluka pa mpopi, palibe chimene chinkatsukidwa.

Atelala anaola zidutswa zawo kubwezera m'kajumbo, chimodzichimodzi, osasiya ngakhale cha khutu lodulidwa. Anamanga pakamwa pake. Anatuluka osatsanzika, ndipo palibe anawaperekeza.

Nkhani inamveka mu mzere wonse wa nyumba dzuwa lisanalowe. Mawa lake amayi oyandikana nawo anabwera pakhonde kudzapepesa, koma kupepesa kwake kunali kwa mtundu wina.

"Inu ndiye muthokoze Mulungu, Atelala," anatero mayi wogulitsa makala. "Nyumba akusiyirani. Makina osokera akusiyirani. Ine anga atamwalira achibale awo ananyamula ndi bedi lomwe, ndinagona pa katoni. Inu mukulirira zithunzi?"

"Ndi anthu abwino amene aja," anavomereza wina. "Ophunzira. Sanakulandeni kanthu."

Atelala anapitiriza kupalasa makina, akudula ulusi ndi mano poti sizasi inali itapita kokanoletsa. Akanayankha chiyani? Kupolisi akanakanena kuti chabedwa n'chiyani? Bedi lili ndi mtengo wake, mbale zimawerengeka, wolanda nyumba amatchedwa wakuba ndipo nthawi zina amachita manyazi. Koma wolanda umboni woti unakhalapo pambali pa munthu, unamugwira dzanja iye n'kukugwira, ameneyo amatchedwa wokonda m'bale wake.

Masiku ano Atelala akatseka maso, nkhope ya mwamuna wawo imabwera. Manja ndi amene ayamba kuvuta. Sakukumbukiranso bwino ngati chipsera cha injini chija chinali kudzanja lamanja kapena lamanzere, ndipo palibe poti akayang'ane.

Tsono inu mukuwerenga, musangopukusa mutu n'kutembenuza tsamba. Ena a inu ndinu alamu a munthu, ena muli pa gulu la pafoni limene wina sanalowetsedwemo, ena munakhalapo pakona mukumva sizasi ikulira. Mayi uyu ali pakhonde pake mpaka lero, anthu akumuuza kuti ali ndi mwayi. Ine ndikufuna yankho, osati pepani. Wabedwa kapena sanabedwe? Ngati sanabedwe, bwerani mudzamuuze pamaso, mukumuyang'ana. Ngati wabedwa, nenani kumene akadandaule ndi amene abweze. Ndiyankheni.